Wodwala lupus akasiya kukodza kapena diso likayamba kuwawa, musadikire kuti kuche

Akonzi,

Ndipatseniko kamalo mu nyuzipepala yanuyi ndiyankhuleko za matenda a lupus, koma osati zija za zidzolo kumaso ndi kuphwanya kwa mafupa zomwe ena anazimvapo ayi, ndikufuna ndinene za mbali ina yomwe ife kwathu palibe anatiuzapo mpakana tsiku lomwe mng'ono wanga anakanika kudzuka pabedi. Pa 10 May chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira matendawa, nde ndati ine ndisamangokhala chete ngati sindinaone kanthu. Ine si dokotala, ndine gadiyani chabe, koma ndagonapo pansi mu wodi masabata ambirimbiri ndipo zomwe ndilembe panozi ndinazifunsa kwa madokotala mpakana kuwatopetsa, zina ndinachita kuziwerenga ndekha usiku wodwala atagona.

Kwa amene sanaimvepo, lupus ndi matenda oti asilikali a mthupi amasokonekera nkuyamba kumenya mwini wake yemwe. Sapatsirana, si khansa, ndipo si kachilombo. Pa anthu 10 odwala matendawa 9 amakhala aakazi, ambiri imawagwira ali pakati pa zaka 15 ndi 45, ndipo kumaiko ngati America ndi Britain anapeza kuti azimayi akhungu lakuda imawagwira kwambiri komanso mwaukali kuposa azungu. Mng'ono wangayu anampeza nayo ali ndi zaka 24, tsitsi likuthothoka, zilonda mkamwa, zala zotupa mmawa uliwonse, ndi kachidzolo kaja kodutsa pamphuno kukafika masaya onse awiri kokhala ngati gulugufe watambasula mapiko. Anampatsa hydroxychloroquine ndi prednisolone, anatiuza kuti tiziopa dzuwa komanso tiziyezetsa impso pafupipafupi, ife nkumvera. Za msana ndi maso sanatchuleko olo kamodzi.

Patatha zaka 3 ali bwinobwino ndithu, akupita kuntchito. Tsiku lina Lachinayi anadandaula kuti msana ukumuwawa pakati pa mapewa, kuwawa kwake koyaka, madzulo ake nkunena kuti akumva mkodzo koma akapita kuchimbudzi ukungotuluka madontho. Lachisanu tinapita naye pa kachipatala kena kakang'ono, anamumvetsera mwachangu nkuti ndi matenda a mchikhodzodzo awa, nkumulembera ma antibiotic. Kabuku kake komwe munalembedwa za lupus sanakatsegule, nafenso sitinalimbikire kuti akatsegule, ndipo ichi ndiye chimandiwawa mpaka lero. Usiku womwewo anandiitana, amvekere achemwali mapazi angawa achita dzanzi ndipo pamimbapa ndikumva ngati wina wandimanga lamba nkumakoka. Mukudziwa chomwe ndinamuyankha? Ndinati pirira mankhwala ayambe kaye kugwira ntchito, tione mawa. Loweruka anayenda chogwira khoma, mwendo wakumanja akuchita kuukoka. Lamulungu mmamawa anandiyang'ana nkundiuza kuti ndikuiuza miyendoyi kuti isunthe koma sikumva.

Titafika kuchipatala chachikulu anesi anamuika chipaipi cha mkodzo, mkodzo womwe unatuluka unapitilira lita imodzi, mimba yomwe inali tolotolo ija nkuphwa tikuona. Kenako kunabwera adokotala ena achizimayi ndi kapini kmanja, anayamba kumubaya pang'onopang'ono kuchokera kuphazi akukwera mmwamba, mukumva? ayi. Pa bondo, mukumva? ayi. Pantchafu ayi, mchiuno ayi, pamchombo ayi, mpakana atafika mmunsi mwa mabere ndi pomwe mwana anadzidzimuka nkuti eya apo ndamva. Adokotala aja anatenga cholembera nkujambula kamzere pakhungu pomwepo, kenako anatembenuka nkundifunsa kuti ali ndi matenda ena aliwonse? Nditangotchula lupus nkhope yawo inasintha, anafunsa kuti zayamba liti, nditati Lachinayi anangopukusa mutu nkuyamba kuitana anzawo mwachangu.

Dzina la chomwe chinamuchitikiracho ndi transverse myelitis, kutanthauza kutupa kwa mtsempha waukulu uja umadutsa mkati mwa fupa la msana. Mtsempha umenewu ndi wautali pafupifupi masentimita 45, kunenepa kwake ngati chala chaching'ono basi, koma uthenga wonse wochoka ku ubongo kupita kumiyendo, kuchikhodzodzo, kumatumbo umadutsa mmenemo, nawonso uthenga wochoka kumapazi kubwerera ku ubongo njira yake ndi yomweyo. Ukatupa pamalo amodzi chilichonse cha mmunsi mwa pamalopo chimazima, nchifukwa chake panali kamzere kaja, kumtunda akumva kumunsi ayi. Mwa odwala lupus 100 aliwonse zimenezi zimagwera mmodzi kapena awiri, nthawi zambiri mzaka 5 zoyambirira, ndipo alipo ena oti kufa kwa miyendoku kumakhala chizindikiro choyamba penipeni, asanadziwe nkomwe kuti ali ndi lupus. Anthu akamva kuti mmodzi kapena awiri amati aaa nzosowa izo. Inde nzosowa, koma kusowa komweko ndi komwe kumapangitsa kuti ogwira ntchito mchipatala asaziganizire msanga, ndipo mitsempha ya mu msana siili ngati khungu loti likachekeka limamera lina, ikafa yafa.

Chomwe chinandiliza nditachiwerenga ndi kafukufuku wina wa ku Johns Hopkins ku America yemwe anatuluka mu 2009. Anaunika odwala lupus 22 omwe anatupa mtsempha wa msanawu nkupeza kuti matendawa amabwera mmitundu iwiri. Mtundu woyamba umagwira pakati penipeni pa mtsempha, umathamanga zedi, munthu atha kufa miyendo mmaola ochepa chabe miyendo nkungoti lendelende, ndipo ambiri sadzukanso. Koma usanagwetse munthu umayamba wachenjeza, thupi limatentha mkodzo nkukanika kutuluka, ndipo ambiri mwa odwala aja anapita kuchipatala pa nthawi imeneyi nkubwezedwa kuti ndi matenda a mchikhodzodzo. Ndinawerenga mzere umenewo katatu. Ku America komwe, komwe makina ali mbwee, nawonso anthu anawabweza ngati mmene anatibwezera ife. Mtundu wachiwiri umagwira chakunja kwa mtsempha, umayenda pang'onopang'ono masiku angapo, miyendo imauma gwa mmalo molendewera, munthu amatha kuchirako koma vuto lake umakonda kubwereranso ndipo umakonda kupita ku maso. Wa mng'ono wanga unali umenewu.

Sanangoyamba kumupatsa mankhwala chisawawa ayi, ndipo apa ndiwayamikire. Munthu yemwe akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo atha kufa miyendo pa zifukwa zina, TB ya msana, kachilombo kaja koyambitsa mashingozi, chindoko, HIV, likodzo lomwe mazira ake akafika ku msana, chotupa chopanikiza mtsempha, olo kuchepa kwa vitamini B12 kumene. Nde anamutenga magazi, anamupopa madzi a kumsana, anamulowetsa mu makina ojambula mkati mwa thupi otchedwa MRI. Chithunzi chitabwera anationetsa pa kompyuta, mkati mwa mtsempha muja munali kamzere koyera kotalika kudutsa mafupa a msana 6. Anati kutupa kukadutsa mafupa 3 kapena kuposera apo amakutenga kuti nkwakutali ndipo kumawapatsa maganizo ena, ine nthawi imeneyo sindinamvetse kuti akutanthauza chani. Anamuika dilipi ya mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa methylprednisolone, galamu imodzi patsiku kwa masiku 5, kenako cyclophosphamide kamodzi pamwezi kwa miyezi 6, mankhwala oti akalowa munthu amasanza mpakana kumvetsa chisoni. Chala chachikulu chakuphazi lakumanzere chinagwedezeka patatha masabata awiri, tinali awiriwiri mu wodi usiku, anandidzutsa kuti ndiyatse tochi ya pafoni ndione ngati akulota.

Za mafizo sindinena zambiri, inali miyezi yowawa. Kumutembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, kuphunzira kuika chipaipi cha mkodzo tokha kunyumba, mtsikana wamkulumkulu kumasambitsidwa ngati khanda, manyazi ake ankangolira chamumtima. Koma anadzuka. Anayamba ndi wilitcheya, kenako chogwirira chija cha miyendo inayi, kenako ndodo.

Tinkaona ngati tawoloka. Patatha chaka ndi miyezi iwiri, mmawa wina akumwa madzi mu kapu yake yofiira anati diso lakumanzere likumuwawa kuseri, makamaka akaliyendetsa kuyang'ana kumbali. Kunja disolo linali bwinobwino, losafiira, losatupa, lopanda manthongo. Kenako anatseka lakumanja ndi dzanja nkuyang'ana kapu ija, anati achemwali kapuyi yasuluka, ikuoneka ngati yakhalitsa padzuwa. Anatseka linalo, kapu psuu ngati kale. Anabwerezanso, yosuluka. Pofika masana pakati pa chilichonse chomwe wayang'ana panali ngati nkhungu, nkhope yanga ankaona makutu ndi tsitsi koma mphuno ndi maso mbuu. Ulendo uno sindinanenenso zoti tione mawa, tinanyamuka nthawi yomweyo kabuku kali mmanja, ndipo pakhomo pa chipatala mawu anga oyamba anali akuti uyu ali ndi lupus, anafapo miyendo, pano diso likuzima.

Kumeneku ndiye kutupa kwa mtsempha wa diso komwe amati optic neuritis. Diso lenilenilo limakhala lilibe vuto, chomwe chatupa ndi mtsempha wotenga zomwe diso laona kupititsa ku ubongo, muli timitsempha ting'onoting'ono topitilira 1 miliyoni mmenemo. Adokotala amaso anamuunika ndi katochi, akuchoka diso ili kupita ili, ku diso labwino kamwanadiso kankachepa kuwala kukafika, koma ku lodwalalo mmalo mochepa kankakula. Anati ichi ndi chizindikiro choti mtsempha sukutumiza uthenga bwino. Pa odwala lupus izinso zimagwera pafupifupi mmodzi pa 100, pena chifukwa cha kutupa pena chifukwa timitsempha ta magazi todyetsa mtsemphawo tatsekeka.

Apa ndi pomwe dokotala wina wa zaubongo anakhala nafe pansi nkulumikiza zinthu zomwe ife tinkaziona ngati zosiyana. Anafunsa ngati mwanayu anayamba wasanzapo masiku ambiri popanda chifukwa kapena kuchita ma hiccups osaleka. Tinayang'anana. Miyezi ingapo miyendo isanafe anasanza pafupifupi masabata awiri, ma hiccups usana ndi usiku mpakana nthiti kuwawa, tinkati ndi zilonda za mmimba zobwera ndi prednisolone. Adokotala anati kumunsi kwa ubongo kuli kamalo kolamulira kusanza ndipo matenda ena ake amakonda kuyambira pamenepo. Msana wotupa motalika, diso, kusanza kosaleka, zitatuzi zikakumana amaganizira matenda otchedwa neuromyelitis optica, mwachidule NMO. Dokotala wa ku France, Eugène Devic, ndi wophunzira wake Fernand Gault ndi omwe anawafotokoza ku Lyon mu 1894, nchifukwa chake ena amangoti matenda a Devic. Kwa zaka zoposa 100 madokotala ambiri ankawatenga ngati mtundu chabe wa matenda ena a mitsempha ya mu ubongo ndi msana otchedwa multiple sclerosis, mpakana mu 2004 pomwe gulu la Vanda Lennon ku chipatala cha Mayo Clinic ku America linapeza msilikali wina wake mmagazi a odwalawa yemwe mwa odwala multiple sclerosis mulibe, ndipo chaka chotsatira anazindikira chomwe msilikaliyu amamenya. Ndi katinjira kolowetsa ndi kutulutsa madzi mmaselo othandizira mitsempha, dzina lake aquaporin-4, ndipo tinjira timeneti tachuluka mu msana, mmitsempha ya maso ndi pa kamalo ka kusanza kaja. Mwaona mmene zikugwirizanira?

Magazi a mng'ono wanga anatumizidwa kukayezedwa ndipo msilikali uja anapezeka. Kutanthauza kuti mwanayu wasenza matenda awiri, lupus ndi NMO, chifukwa thupi lomwe laphunzira kudzimenya lokha silivuta kutsegula nkhondo ina. Si onse a lupus otupa msana omwe ali ndi NMO ayi, ena ndi lupus yeniyeniyo yomwe yatupitsa timitsempha ta magazi, ena ali ndi asilikali ena otchedwa antiphospholipid omwe amaundanitsa magazi, omwe aja amapangitsanso azimayi kumangopita padera, dokotala wa ku London Graham Hughes anawafotokoza mu 1983, ndipo oterewa amafunikanso mankhwala osungunula magazi. Nde kuyeza kumeneku si kongofuna kudziwa dzina, kumasintha mankhwala. NMO ikakhala ndi msilikali ameneyu imabwerera bwerera, ndipo ulendo uliwonse imasiya chilema pamwamba pa chinzake. Kale mankhwala oteteza asanabwere, oposa theka la odwala omwe matendawa ankawabwerera ankakhala atachita khungu diso limodzi kapena onse, kapena akulephera kuyenda okha, zaka 5 zisanathe. Chinanso choopsa, munthu wa NMO akamuyesa wa multiple sclerosis nkumupatsa mankhwala ngati interferon beta matenda amakula mmalo mochepa. Ine ndimaona kuti wodwala lupus aliyense yemwe watupa msana motalika chonchija kapena mtsempha wa diso amayenera kuyezedwa aquaporin-4 ulendo woyamba womwewo, akanatero ndi mng'ono wanga bwenzi atayamba mankhwala oteteza diso lisanagwidwe. Pamenepa sindisintha maganizo.

Ku diso anamupatsanso dilipi yomwe ija masiku 5, koma silinasinthe kwenikweni, nde anamuika pa makina osefa magazi, amachotsa madzi a mmagazi omwe muli asilikali oipawo nkubwezeramo ena, anamupanga maulendo 5 modumphitsa tsiku. Nkhungu ija inayamba kuchoka pang'ono ndi pang'ono. Pano amalandira mankhwala oteteza kuti NMO isabwerere otchedwa rituximab miyezi 6 iliyonse. Ena amapatsidwa azathioprine kapena mycophenolate, ndipo kuyambira 2019 kunja kunavomerezedwa mankhwala othandiza pa NMO yeniyeniyo, eculizumab mu 2019, inebilizumab ndi satralizumab mu 2020, kungoti ndi odula moti odwala ambiri padziko pano amangowamvera. Atsikana omwe mukufuna kudzabereka, funsani musanayambe, cyclophosphamide ndi mycophenolate amaononga mwana mmimba ndipo cyclophosphamide atha kuononganso mazira, madokotala amadziwa mmene angasinthire mankhwala nthawi ikakwana koma muziwauza poyera.

Pali chinthu china chomwe ndamva odwala anzake akusokoneza ndipo chimandidetsa nkhawa. Akamva kuti wina wa lupus wachita khungu amathamangira kunena kuti ndi hydroxychloroquine uja, ena mpakana kusiya kumwa. Zoona mankhwalawa atha kuononga kuseri kwa diso, koma zimatenga zaka, sizipweteka, zimabwera mwakachetechete, nchifukwa chake amati munthu ayezedwe maso poyamba kumwa, ndipo akakwanitsa zaka 5 aziyezedwa chaka ndi chaka, komanso mlingo wake usapitilire mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa munthu patsiku. Prednisolone nayenso akakhalitsa amabweretsa ng'ala. Koma diso loti dzulo linali bwino lero likuwawa poliyendetsa ndipo mitundu yasuluka, amenewo si mapilitsi ayi, ndi mtsempha ukutupa, ndipo kusiya mankhwala pamenepo nkutsegulira matenda chitseko. Prednisolone makamaka sasiyidwa mwadzidzidzi, atha kukugwetsa.

Nde pempho langa kwa odwala lupus ndi owasamalira ndi ili. Mkodzo ukakanika kutuluka kapena ukayamba kungotuluka wokha, mapazi akachita dzanzi lokwera mmwamba, mukamva ngati lamba wakumangani pamimba kapena pachifuwa, mwendo ukayamba kulemera, diso likamawawa poliyendetsa kapena kuona mbuu, mukamasanza ndi ma hiccups masiku osaleka, nyamukani tsiku lomwelo olo ukhale usiku, pitani kuchipatala chachikulu ndipo mawu oti lupus muwatchule musanafunsidwe. Akakuuzani kuti ndi chikhodzodzo funsani mwaulemu kuti adokotala mwandiyeza miyendo? Ndipo inu a zaumoyo, ndikudziwa mizere imakhala yaitali ndipo mumatopa, koma mtsikana wa zaka za mma 20 sangangosiya kukodza popanda chifukwa. Kumugogoda mabondo, kumubaya ndi kapini, kumuuza ayende pang'ono muone, sizitha mphindi 5. Madokotala onse omwe ndinayankhula nawo ananena chimodzimodzi, kuti dilipi ija ikalowa msanga mwayi woyendanso ndi kuonanso umakhala waukulu, ikachedwa imapeza zina zitafa kale. Ife tinataya masiku atatu, ndipo mwendo wakumanja wa mng'ono wanga mpaka lero amaukoka.

Akonzi, kalatayi ikakhala yatalika duleni pena paliponse koma ndime ya zizindikiroyo muisiye momwemo, mwini wake ndi amene wandituma kuti ndiilembe ndipo wachita kundiwerengetsa kawiri. Pano anabwerera kuntchito, amayenda ndi ndodo, diso lakumanzere limaona koma zilembo zing'onozing'ono zimamuvuta ndipo zofiira sizinabwerere mwakale. Mchikwama chake mumakhala kakhadi komwe tinalembapo matenda ake awiri ndi mankhwala onse omwe amalandira. Kapu yofiira ija sanaitaye, mmawa uliwonse asanamwe mapilitsi amatseka diso limodzi nkuiyang'ana, kenako linalo, akatero ndi pomwe amanditumizira uthenga pafoni kuti lero zili bwino.

Ine wanu,
Mkulu wake wa wodwala lupus